Momwe mungakonzere saladi ya ku Vietnam ya nkhuku ndi lotus

Ku Vietnam saladi iyi amaitcha gỏi gà ngó sen, ndipo siisowa pa maukwati ndi madyerero ena. Lotus ndi chomera cha m'madambo chomwe chimalimidwa kwambiri ku Đồng Tháp, m'chigwa cha mtsinje wa Mekong. Musachisokoneze ndi nyika zomwe anthu a ku Nsanje amazula m'madambo, izi ndi zomera zosiyana. Anthu a ku Vietnam amakonda mphukira za lotus zoyera zowonda, zomwe masitolo a zakudya za ku Asia amagulitsa m'mabotolo, koma muzu wake wonenepa wokhala ndi mabowo m'kati nawonso umachita bwino.

Yambani ndi nkhuku. Wiritsani ntchafu zolemera magalamu 400 m'madzi a mchere pang'ono ndi kachidutswa ka jinja kwa mphindi 20. Zikazizira, nyotsolani nyamayo ndi manja, osati ndi mpeni, kuti msuzi uzilowerera bwino. Ine ndimakonda ntchafu chifukwa chidali chimauma msanga.

Tsopano lotus, ndipo apa ndi pofunika kudekha, chifukwa kukoma konse kwa saladi iyi kwagona pa lotus wokukutika. Ngati muli ndi muzu wauwisi wa magalamu 300, usendeni, muudule mopyapyala kwambiri, n'kuponya zidutswazo nthawi yomweyo m'madzi othira viniga. Mukazisiya pamtunda zimada pamaso panu. Kenako ziwiritseni mphindi 3 zokha, chifukwa si bwino kudya muzuwu wosaphika, n'kuzithira m'madzi ozizira kwambiri. Mukapitiriza pamoto zifewa ngati mbatata, ndipo saladi yawonongeka. Mphukira za m'botolo sizifuna moto: zitsukeni, muzidule, muzifinye pang'ono kuti madzi owawasa achoke.

Msuzi wake ndi masupuni 3 a nước mắm, msuzi wa nsomba wa ku Vietnam (wotchuka ndi wa pachilumba cha Phú Quốc), masupuni 3 a madzi a mandimu, masupuni 2 a shuga, adyo wosinja ndi tsabola. Takasani mpaka shuga asungunuke, kenako lawani. Mchere, kuwawasa ndi kutsekemera zimveke zonse, pasakhale chopondereza chinzake.

Dulani karoti imodzi motalika mopyapyala, anyezi theka muviike m'madzi kuti ukali uchepe. Sakanizani izi ndi nkhuku ndi lotus m'mbale yaikulu, muthire msuzi, muvundule ndi manja pang'onopang'ono. Chonde musathire msuzi alendo asanakhale pansi, chifukwa mchere umakoka madzi m'masamba ndipo pansi pa mbale pamadzadza madzi.

Pamwamba wazani mtedza wokazinga wosinja mwachisawawa, anyezi wokazinga mpaka kufiira, ndi masamba a rau răm, chitsamba chonunkhira cha ku Vietnam. Masambawa akasowa, minti ndi koriyanda zilowe m'malo. Ku Vietnam amaitapa ndi bánh phồng tôm, timabisiketi topepuka ta ma prawns (tinyama ta m'madzi ta m'gulu la nkhanu), tokazinga m'mafuta otentha nthawi yakudya itakwana.