Momwe mungakonzekerere kukaphunzira kupanga magemu ku sukulu ya zaluso

Maphunziro amenewa amasiyana ndi a sayansi ya kompyuta. Ku sukulu ya zaluso amagwiritsa ntchito zipangizo zomwezo zopangira magemu, koma chimene amafuna n'chakuti mupange chinthu choti munthu akachigwira kapena kuchidina chimuyankhe, iye n'kufuna kuseweranso. Chikhoza kukhala gemu ya pafoni, chithunzi cha pakhoma chimene chimasuntha munthu akadutsa, kapena chionetsero cha m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Maphunzirowa alipo ku sukulu ya zaluso ya HKU mumzinda wa Utrecht ku Netherlands, ku sukulu ya zaluso ya ZHdK ku Zurich, Switzerland, ku NYU Game Center ku New York, ndipo kufupi kuno ku yunivesite ya Wits mu Johannesburg, komwe amawatcha Digital Arts. Pofunsira malo, masukulu ambiri otere amapempha portfolio, ntchito zimene munapanga kale ndi manja anu. Apa ndi pamene muyenera kuthera mphamvu zanu zambiri.

Choyamba: yambani ndi pepala

Musathamangire kompyuta. Tengani masewera amene mumawadziwa bwino, monga bawo kapena phada, musinthe lamulo limodzi lokha. Mwachitsanzo, bawo ya anthu atatu ingayende bwanji? Jambulani maenje pakatoni, nyemba zikhale nkhomo, muitane anzanu asewere. Inu khalani chete, muzingoona. Pamene asokonezeka, pamene aseka, pamene wina wanena kuti "aa, izi n'zachinyengo", lembani zonsezo m'kope. Kenako sinthani lamulolo, asewerenso. Ntchito yonse ya maphunzirowa ndi imeneyi: kupanga, kuyesa pa anthu, kukonza. Amene amangofotokoza maganizo ake aakulu osawayesa pa munthu aliyense amaonekeratu pa portfolio.

Chachiwiri: sankhani pulogalamu imodzi

Imodzi, osati zisanu. Ngati mumakonda kulemba nkhani, yambani ndi Twine, imene imakulolani kupanga nkhani yokhala ndi njira zingapo zoti wowerenga asankhe, ndipo imagwira ntchito pa browser, pulogalamu yotsegulira intaneti. Ngati simunalembepo code, malangizo amene kompyuta imatsatira, Scratch ya ku yunivesite ya MIT ku America ikuphunzitsani kaganizidwe kake pogwirizanitsa timabokosi. Mukafuna gemu yeniyeni, ine ndinganene kuti Godot: ndi yaulere, ndi yaing'ono moti bandulo siithera pomwepo, ndipo chilankhulo chake, GDScript, chimafanana ndi Python, chilankhulo chotchuka cholembera code. Unity ndi Unreal Engine n'zotchuka m'makampani, koma Unreal imafuna kompyuta yamphamvu, laputopu yakale ingotentha n'kumazima. Zithunzi za 3D mutha kuumba mu Blender, yomwenso ndi yaulere.

Chachitatu: tulukani pa sikirini

Apa ndi pamene sukulu ya zaluso imasiyana kwambiri ndi kampani ya magemu. Aphunzitsi amasangalala ndi munthu amene amaganizira thupi la wosewera, osati zala zokha. Kabolodi ka Arduino, kamene kanapangidwa mu 2005 pa sukulu ina ya mapangidwe ku Ivrea, Italy, kamalumikiza masensa, tizipangizo tozindikira kukhudza kapena kuyenda, ndi kompyuta. Mungathe kusandutsa chitseko, ng'oma kapena chopalasira njinga kukhala batani. Makey Makey, kabolodi kena kotere, ndi yosavutanso kwambiri: mumamangirira waya ku nthochi kapena supuni, munthu akaikhudza kompyuta imamva ngati wadina kiyibodi. Ngakhale ntchito imodzi yotere, yaing'ono, imasonyeza kuti muli ndi mtima wosewera ndi zinthu.

Chachinayi: malizani kanthu

Gemu ya mphindi zitatu yomalizidwa imaposa gemu yaikulu imene ili m'mutu. Njira yabwino yodzikakamiza ndi Global Game Jam, imene imachitika mu Januware chaka chilichonse kuyambira 2009. Anthu amapatsidwa mutu umodzi ndi maola pafupifupi 48 oti apange gemu m'magulu. Mukamaliza, ikani gemuyo pa webusaiti ya itch.io kuti aliyense aisewere.

Chachisanu: sonkhanitsani portfolio

Ntchito zochepa zosiyanasiyana zimakwana. Pa iliyonse ikani kavidiyo kakafupi ka munthu akusewera, chifukwa osankha ophunzira sangakhale ndi nthawi yotsitsa gemu iliyonse. Foni yokha ikukwana kujambulira. Onetsaninso zojambula zoyambirira, katoni ya bawo ija, ndi zimene zinakanika pamodzi ndi mmene munazikonzera. Ngati munagwira pagulu, nenani mosabisa gawo lanu. Pa intavyu adzakufunsani, ndipo bodza siliyenda patali.

Chachisanu ndi chimodzi: mapepala

Werengani zofunika pa webusaiti ya sukuluyo miyezi ingapo tsiku lotseka lisanafike. Onetsetsani chilankhulo chophunzitsira, chifukwa digiri yoyamba ku Zurich amaphunzitsa m'Chijeremani, ndipo maphunziro ambiri a ku Utrecht ali m'Chidatchi. Ku South Africa, amene ali ndi satifiketi yakunja amafunika chikalata cha Matriculation Board chosonyeza kuti akuyenera kulowa yunivesite, kenako viza ya maphunziro. Lemberani ofesi yolandira ophunzira akunja, muwafunse ngati MSCE yanu ikukwanira payokha kapena akufuna zina zowonjezera, musanalipire ndalama yofunsira malo.