Kuchotsa tapu yothyokera mu crankshaft ya injini

Tapu, chitsulo chodulira mazinga m'bowo la bawuti, ikathyokera mu crankshaft (mtanda wachitsulo umene mapisitoni amauzunguza m'injini), chinthu choyamba ndi kusiya dirilo pansi. Matapu ambiri amapangidwa ndi chitsulo cha HSS, cholimba mofanana ndi mano a dirilo wamba, choncho dirilo silingaiboole. Limangoterereka n'kuyamba kudya chitsulo chofewa cha m'mbali, ndipo pamenepo mwawononga mazinga a crankshaft, chinthu chokwera mtengo kuposa tapu kambirimbiri. Chimodzimodzinso zotulutsira mabawuti zozungulira chakumanzere: zimafuna bowo lolowamo, ndipo zikathyoka mumakhala ndi zitsulo zolimba ziwiri m'bowo limodzi.

Nthawi zambiri ngoziyi imachitika kutsogolo, pomwe pamalowa bawuti ya pule, kapena kumbuyo m'mabowo a mabawuti a flywheel (gudumu lolemera lomangidwa kumbuyo kwa crankshaft). Bowo la kutsogolo silitulukira mbali ina, kotero tizidutswa ta chitsulo timaunjikana pansi n'kupanikiza tapu. Kupanikizika kumeneku ndiko kukuigwira, ndiye yambani ndi kuyeretsa. Valani magalasi oteteza maso, tsekani ndi nsalu malo onse amene zinyalala zingalowere m'injini, kenako tokosani ndi kawaya kolimba m'ngalande za tapuyo (timipata ta m'litali tolekanitsa mizere ya mano ake), pemererani mpweya wa kompuresa, thiranimo oyilo wopyapyala womasulira dzimbiri, mudikire, mupemererenso. Bwerezani kangapo. Ntchito yotopetsayi ambiri amaithamangira, koma ine ndimaiona kuti ndi theka la ntchito yonse.

Ngati kachidutswa katsala kunja, kagwireni ndi pulayasi yotsekera n'kukagwedeza pang'onopang'ono uku ndi uku musanayambe kumasula. Ngati yathyokera m'kati, chida choyenera ndi chotulutsira matapu chokhala ndi zala zachitsulo zolowa m'ngalande. Werengani ngalande za tapu yanu, kaya ndi 3 kapena 4, mugule chofanana nazo komanso cha saizi yomweyo. Lowetsani zalazo mpaka pansi, tsitsani kolala yake ifike pakamwa pa bowo kuti zalazo zisapindike, ndipo muyambe ndi kukhotetsa pang'ono chakumanga kenako chakumasula. Zala zikayamba kupotoka, lekani, muyeretsenso. Mphamvu yochuluka siyithandiza pano chifukwa zalazo ndi zofewa kuposa tapu.

Njira ina ndi ya panchi yosongoka ndi hamala yaing'ono. Ikani nsonga ya panchi pa dzino limodzi la tapu mopendekeka, mumenye mopepuka kulowera komasulira, kenako musinthe dzino. Ena amamenya mwamphamvu kuti tapu iphwanyike, popeza chitsulo cholimba chotere sichipindika koma chimasweka, ndipo n'zotheka ndithu pa tapu yaing'ono. Pa crankshaft imene idakali m'injini sindilimbikitsa zimenezi, chifukwa kumenya kulikonse kolunjika m'kati kumakathera pa mabering'i oletsa crankshaft kusuntha cham'litali.

Kuwotcherera nati pamwamba pa chidutswacho kumagwira ntchito bwino ngati tapu yathyokera pafupi ndi kamwa la bowo. Wowotcherera amayamba wakweza kamulu ka chitsulo pa tapu penipeni, makamaka ndi makina a TIG, kenako n'kuikapo nati n'kuidzaza m'kati mwake. Kutenthako kumathandizanso kumasula, koma dikirani zizizire musanaikepo sipanala. Pali zinthu ziwiri zimene simuyenera kuiwala. Chotsani mawaya a batire ndi pulagi ya kompyuta ya galimoto, ndipo waya wa eti (earth) wa makina owotcherera mumangirire pa crankshaft yeniyeniyo pafupi ndi pomwe mukugwira. Mukaumangirira pa buloko ya injini, magetsi amadutsa m'mabering'i n'kusiya timabala totentha amene adzaonekera injini ikayamba kuyenda. Kutentha kusapitirirenso, pakuti silo yotchinga oyilo kuti asadonthe ili pafupi, ndipo malo ozungulira mabering'i pa crankshaft zambiri anaumitsidwa mwapadera kufakitale. Moto wa gasi wofewetsera tapu musaudalire: tapu ya HSS siifewa ndi kuwotcha kwa m'galaja.

Mwina munamvapo kuti mankhwala a alamu (alum) kapena asidi amasungunula tapu. Zimenezi zimachitika tapu ikathyokera mu aluminiyamu, pomwe mankhwalawo amadya chitsulo n'kusiya chinacho. Crankshaft nayo ndi chitsulo, choncho idzadyeka limodzi ndi tapu.

Zonsezi zikakanika, kapena ngati tapu yathyokera kutali m'kati, tsitsani crankshaft mupite nayo kwa amisiri a makina. Iwo angadule pakati pa tapu ndi mano a carbide, olimba kuposa HSS, pa makina ogwira chitsulo mosagwedezeka, zimene sizitheka ndi dirilo la m'manja chifukwa carbide imasweka ikangopendekeka. Yabwino koposa ndi makina a EDM, amene amanyenya tapu ndi tizithetheka ta magetsi osakhudza mazinga, n'kusiya mano a tapu okhaokha amene amatokosedwa ndi kawaya. Kumasula injini n'kowawa, komabe n'kotsika mtengo poyerekeza ndi kugula crankshaft ina.

Tapu ikatuluka, tsukani bowo, muliunike ndi tochi, ndipo bawuti yatsopano ilowe ndi zala mpaka pansi osakakamira. Bawuti ya pule ndi za flywheel zimamangidwa mwamphamvu kwambiri, kotero mazinga ong'ambika sangakhulupirike ngakhale bawuti ikuoneka ngati yagwira. Akawonongeka, ikanimo mazinga obwezeretsa monga Helicoil kapena Time-Sert, bowo lake likhale lolunjika bwino pakati.

Pobwereza kudula, gwiritsani ntchito tapu yatsopano, chogwirira cha manja awiri osati sipanala, ndi oyilo wodulira. Tsimikizani kaye saizi ndi mtunda wa pakati pa mazinga, popeza mabawuti a crankshaft kawirikawiri amakhala a mazinga ang'onoang'ono oyandikana. Kukula kwa bowo kumapezeka pochotsera mtundawo ku saizi ya bawuti, mwachitsanzo M12 x 1.5 imafuna dirilo la mamilimita 10.5. Zunguzani theka kutsogolo, mubwerere pang'ono kuti tizidutswa tiduke, mutulutse tapu pafupipafupi kuti muyeretse, ndipo yezani kuya kwa bowo n'kuika chizindikiro pa tapu kuti mudziwe pamene yatsala pang'ono kugunda pansi.