Mmene mungaweruzire mabatani pa mpikisano wa liwiro wa Super Mario Bros.

Lamulo lanu linene za zimene zikufika mu gemu, osati za chipangizo chimene wosewera wagwira. Mukaletsa kiyibodi yonse, mulanga anthu osalakwa. Wosewera wina wotchedwa Niftski anali woyamba kumaliza gemuyi pansi pa mphindi 4 ndi masekondi 55 mu 2021, ndipo ankasewera pa kiyibodi motsatira malamulo.

Vuto lenileni ndi kumanzere ndi kumanja nthawi imodzi. Batani la mtanda pa controller (chogwirira posewera) ya NES, makina a Nintendo amene gemuyi imaseweredwapo, lili ndi kadzino pansi pakatikati, ndiye mbali imodzi ikatsika inayo imakwera. Kiyibodi ilibe zimenezo. Mabatani awiriwa akafika limodzi, Mario amatenga liwiro msanga kuposa mmene controller yabwinobwino ingalolere, n'chifukwa chake zimaletsedwa. Pa FCEUX, pulogalamu yoseweretsa magemu a NES pa kompyuta, pali pochonga polola kumanzere ndi kumanja pamodzi. Muuzeni wosewera aonetse pa vidiyo yomweyo, osadula, kuti pamenepo mposachonga. Koma musaganize kuti aliyense wa NES yeniyeni ali bwino. Controller yotha, kapena imene wina waipala kadzino kaja, imatumizanso mbali zonse ziwiri. Mukakayika, aitsegule pa kamera. Ndi timasikuluu tochepa chabe.

Kenako turbo, njira imene makina amadinira batani mobwerezabwereza paokha. NES imatulutsa ma frame (zithunzi zotsatizana pa sikirini) opitirira pang'ono 60 pa sekondi, choncho turbo yothamanga kwambiri imadina frame imodzi n'kusiya yotsatira, kokwana 30 pa sekondi. Imitsani vidiyo, muyende frame imodzi imodzi mukuyang'ana pomwe pakuonetsa mabatani. Chala cha munthu chimaphonya, apa chakhalitsa, apo chafulumira. Makina saphonya. Mipata ikafanana ndendende kwa nthawi yaitali, funsani mafunso.

Apa m'pomwe oweruza ambiri amalakwitsa: amalandira vidiyo ya ma frame 30 pa sekondi. Vidiyo yotere yataya theka la umboni, ndipo kudina kwa frame imodzi kukhoza kusoweratu, kapena kuoneka ngati batani lagwiridwa osasiya. Pa nthawi zapamwamba funani 60, mawu a gemu osazimitsa, ndi kamera yoonetsa manja. Mawu amathandizanso kugwira vidiyo yolumikizalumikiza, poti nyimbo imadumpha polumikizapo.

Musaiwale kuti gemuyi imalola kuchoka m'magawo ambiri pa ma frame 21 alionse, pafupifupi masekondi 0.35. Wina akatsogola ndi ma frame ochepa mkati mwa gawo, phindulo limatha kumezedwa pamenepo. Mu 8-4, gawo lomaliza la gemuyi, mulibe zimenezi chifukwa nthawi imaima Mario akakhudza nkhwangwa, ndiye gawo limeneli liunikeni kawiri.

Mukapeza cholakwika, yambani mwamulembera mwini wake payekha, mumuuze mphindi ndi frame yake, ndipo oweruza awiri aone umboniwo aliyense payekha musanachotse nthawi yake pa mndandanda.