Mukufuna kuyamba ntchito yoika zipangizo za smart home? Yambani ndi mawaya, foni ibwera pambuyo

Achinyamata ambiri akaona pa TikTok munthu akuyatsa magetsi a nyumba yonse ndi foni, kapena geti ikutseguka yokha galimoto ikamafika, amaganiza kuti ntchito yonse ili pa foni pomwepo. Komatu app ija olo mwana wa Fomu 2 atha kuidziwa tsiku limodzi. Chomwe kasitomala amakulipirani ndi zomwe zili kuseri kwa khoma, mawaya, DB (bokosi logawa magetsi m'nyumba), rauta, batire, komanso kuti zinthuzo zizigwirabe ntchito magetsi akathima kapena bandulo ikatha. Ndiye ngati mukufunadi kudyera ntchito imeneyi, yambani ndi magetsi.

Kosi ya electrical installation imapezeka m'makoleji a ntchito zamanja ngati Lilongwe Technical, Soche, Nasawa ndi Mzuzu kudzera ku TEVETA, ndipo amene muli ndi mwayi wa digiri MUBAS ilipo, koma digiri si chiphaso cholowera ntchitoyi ayi. Chofunika ndi chilolezo cha MERA choyalira mawaya m'nyumba za anthu, ndipo ngati mulibe gwirani pansi pa munthu amene ali nacho. Ine ndimalimbikitsa kwambiri zimenezi, pezani mmisiri amene amaika ma CCTV, mipanda yamagetsi, mamota a geti kapena sola, mumupemphe muzimunyamulira makwerero olo ndalama ikhale yochepa, chifukwa kudenga kotentha kuja ndi kumene mudzaone mmene nyumba zathu anaziyalira mawaya, zomwe pa YouTube simungazione poti ambiri ojambula aja ali ku America kumene magetsi ake ndi a 120V pomwe athu ndi a 230V.

Tsiku loyamba lomwe mudzakumana ndi nkhani ya neutral. Masuwichi ambiri a smart amafuna live (waya wobweretsa moto) ndi neutral (waya wobweza moto) kuti azikhala amoyo nthawi zonse, koma nyumba zambiri kuno kabokosi ka suwichi kalibe neutral, iye uja anathera kumwamba pa babu. Ndiye musanalembe kotesheni tsegulani kaye suwichi imodzi muone, mwathimitsa pa DB komanso mwayeza ndi mita kuti mulibedi moto. Mukapeza mulibe neutral mutha kukoka waya wina, kapena kugula suwichi yosafuna neutral, kapena kuika ka relay (kasuwichi kolamulidwa ndi magetsi) kudenga pomwe pali babupo.

Nkhani ina yomwe imandidetsa nkhawa ndi ya giza. Giza ya 3kW imakoka pafupifupi ma amp 13 (13A), pomwe kasuwichi ka smart ka Sonoff Basic komwe anthu amakakonda poti nkotchipa kanalembedwa 10A, ndiye mukakalumikiza mwachindunji katentha, kasungunuka, ndipo poti zimenezi zimachitikira kudenga komwe kuli matabwa mutha kuotcha nyumba ya eni ake anthu ali mtulo. Katundu wolemera ngati giza, pampu yaikulu kapena kuka amafuna contactor (suwichi yamphamvu yopirira moto waukulu), ka smart kaja kazingolamula contactor basi, moto waukulu uzidutsa mu contactor. Phunzirani kuwerenga ma amp pa chipangizo chilichonse musanachigwire, zimenezi sizoti mwina.

Mukakhazikika pa magetsi bwerani ku netiweki. Zipangizo zambiri zotchipazi zimangogwira Wi-Fi ya 2.4GHz, ndiye rauta ikakhala pa 5GHz muzingovutika nkumati chipangizo nchakufa chikhalirecho chili bwinobwino. Makoma athu anjerwa amadya siginolo kwambiri, rauta imodzi pa sitting room singafike kugeti kapena ku boys quarter, apa mpofunika kudziwa kukoka waya wa netiweki wa Cat6, kupana mitu yake ya RJ45 ndi kuika access point (chofalitsira Wi-Fi) ina. Waya wa Cat6 usapitirire mamita 100. Dziwani IP address kuti nchiyani, dziwani PoE poti makamera ambiri a Hikvision ndi Dahua amalandira moto ndi data pa waya umodzi womwewo. Kenako onani Zigbee, njira ina yolumikizira zipangizo popanda mawaya, imeneyi imafuna ka hub (kabokosi kolumikiza zipangizozo) koma siidzadza rauta ndipo zipangizo zolumikizidwa kumagetsi zimapatsirana siginolo. Za Matter, yomwe inatuluka mu 2022 kuti zinthu za Apple, Google, Amazon ndi Samsung zizimvana, werenganiko kuti mudziwe komwe zinthu zikulowera. KNX, njira inanso yolamulira zipangizo, ndi ya mahotela ndi nyumba zikuluzikulu, imeneyo idikire kaye.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Zipangizo za Tuya zija zoyendera app ya Smart Life, kapena za app ya eWeLink, nthawi zambiri lamulo la pa foni limayamba lapita ku seva yakunja kenako nkubwerera kudzayatsa babu yomwe ili pamutu panu pomwepo, ndiye intaneti ikaduka zambiri zimaima. Kwa ife amene intaneti yake ndi ya bandulo ya Airtel kapena TNM imeneyi si nkhani yaing'ono. Nchifukwa chake ndikuti phunzirani Home Assistant, ndi pulogalamu yaulere, imayenda pa kakompyuta ka Raspberry Pi kapena pa kompyuta yakale, ndipo imalamula zinthu m'nyumba momwemo osadalira kunja, zipangizo ngati za Shelly zimamvana nayo bwino. Rauta ndi hub muziike pa ka UPS kakang'ono (kabatire kothandiza magetsi akathima) kapena pa inveta. Ndipo suwichi yapakhoma isiyeni izigwirabe ntchito ndi dzanja, m'nyumbamo muli agogo, muli ana, muli antchito, si onse ali ndi app, munthu asagone mumdima chifukwa choti bwana apita ndi foni ku Mangochi.

Osaphunzirira pa nyumba ya kasitomala. Pezani thabwa, mukhomepo breaker, mababu awiri, soketi, contactor imodzi ndi ma relay angapo, muzilumikiza nkumasula mpaka manja azolowere, mukatero muike kwanu komwe mukukhala kuti muone mmene zimachitira magetsi akathima nkubweranso. Thabwa lomwelo mudzalinyamula kukaonetsa makasitomala, anthu amakhulupirira akadina okha.

Nanga chogulitsa nchiyani? Mababu osintha mitundu amakongola pa vidiyo koma ndalama sizili pamenepo. Munthu wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa chomwe chikumusowetsa tulo ndi geti yoti asamatsike mugalimoto usiku, kamera yoti aziona pakhomo ali kuntchito, pampu yoti izizima yokha thanki ikadzadza, giza yoti isamamalize mayunitsi tsiku lonse, magetsi apanja oyaka okha kukada. Enanso ndi abale athu ali ku Joni kapena ku UK amene akumanga kumudzi kuno ndipo akufuna aziona pa foni zomwe zikuchitika pa saiti. Dziwani bwino mota ya geti ngati Centurion D5 ndi energizer (chopatsa moto mpanda wamagetsi) ya Nemtek, poti zimenezi zili ponseponse, ndipo mukamakonza zimenezo ndi pomwe mwininyumba amayamba kufunsa ngati zingatheke kuti zizilowa pa foni. Surge protection (chotetezera zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu) ndi earth yabwino muziika mu kotesheni iliyonse, dzinja likafika mphenzi zimapha mabodi a geti ndi ma DVR (mabokosi osunga mavidiyo a makamera) ambirimbiri, ndipo kasitomala amaloza inu osati mvula.

Pogula katundu onetsetsani kuti ndi wa 230V komanso mapulagi ake ndi amano atatu amakona ngati a ku UK omwe timagwiritsa ntchito kuno, a ku South Africa ndi ozungulira salowa. Sankhani mitundu iwiri kapena itatu yomwe mukuidziwa bwino nkumasunga zosinthira, osati chilichonse chomwe mwachiona chotchipa. Ndi mmene kwacha imasinthiramu lembani pa kotesheni masiku omwe mtengowo ukugwira ntchito, siyanitsani mtengo wa katundu ndi wa ntchito yanu, ndipo dipoziti izikwanira kugula katunduyo.

Amene mukuganiza zokagwira ku South Africa dziwiranitu kuti kuika ma alamu ndi makamera kumeneko kumawerengedwa ngati ntchito ya chitetezo ndipo kumafuna kulembetsa ku PSIRA, bungwe loyang'anira ntchito za chitetezo, komwe amafuna nzika kapena munthu wa permanent residence, ndipo CoC (satifiketi yotsimikiza kuti mawaya ayalidwa motsata malamulo) amasaina ndi munthu wolembetsedwa yekha.

Ndiye pali kukhulupirika, poti ntchitoyi imakulowetsani mpaka kuchipinda kwa eni ake. Akaunti ya makamera ndi ya geti itsegulidwe pa imelo ndi nambala ya mwininyumba osati yanu, pasiwedi yobwera nayo kufakitale isinthidwe tsiku lomwelo, ndipo mukamaliza muwapatse aike yawo inu musakuona. Akafuna muziwathandiza muli kutali akupatseni mwayi wolowa iwo eni, womwe atha kuuchotsa nthawi iliyonse. Wina akakuuzani kuti mubise kamera kubafa kapena kuchipinda kwa wantchito kanani, olo ndalama ikhale yochuluka bwanji. Lembani ma label pa waya uliwonse ndi pa DB, jambulani kapepala kosonyeza chomwe chili pati musiyire eni nyumba kope lake, ndipo musanalandire ndalama yomaliza thimitsani main switch ndi rauta iwo akuona, muyatsenso, muonetsetse limodzi kuti chilichonse chabwerera chokha.