Momwe mungaphunzitsire mwana wotchinga kumbuyo kuwombera ndi kuukira pa hockey ya pa ayezi

Kuno ku Canada, mwana akafika mu U11 kapena U13 (matimu a ana osakwana zaka 11 kapena 13) kochi n'kuona kuti amatha kuyenda chambuyo pa ayezi osagwa, amangomuika kumbuyo basi. Kuyambira tsiku limenelo mawu amene amamva ndi akuti tchinga, chotsa puck (kalabala kaphwatalala kamene amamenya m'malo mwa mpira), usapite patali. Ife makolo amene tinakulira pa mpira wa miyendo timangovomera, poti kwathu difenda ntchito yake ndi kuchotsa mpira. Koma hockey siyenda choncho. Bobby Orr wa Boston Bruins anaposa osewera onse a NHL, ligi yaikulu ya hockey, pa mapointi (zigoli ndi mapasi obweretsa zigoli) mu 1970 ndi 1975 ali wotchinga kumbuyo. Paul Coffey anamwetsa zigoli 48 mu sizoni ya 1985-86 ku Edmonton, ndipo Erik Karlsson anapeza mapointi 101 mu 2022-23 ku San Jose. Masiku ano ana a kuno ku Calgary amene amasewera kumbuyo amafuna kukhala Cale Makar, mwana wa mumzinda uno yemwe amasewerera Colorado Avalanche.

Izi ndi zimene ndachita ndi mnyamata wanga wa U13. Za kuvala zida ndi kunoletsa nsapato sindikamba, ngati mwana ali kale mu timu mukuzidziwa.

1. Yambani ndi ndodo

Apa ndichedwa, chifukwa ndi pamene zinatisokonekera ife.

Ndodo iliyonse ili ndi nambala yotchedwa flex, yosonyeza kulimba kwake. Nambala ikakwera, ndodo imavuta kupinda. Mphamvu yaikulu ya kuwombera siichokera m'manja ayi: wosewera amakanikizira ndodo pa ayezi, ndodo n'kupindika, ndiye ikamawongoka imaponya puck, ngati mmene legeni imachitira. Mwana amene sangapinde ndodo yake akungokankha puck ndi mtengo wouma.

Kawerengedwe kamene aliyense amagwiritsa ntchito ndi kotenga theka la kulemera kwa mwana m'mapaundi. Mwana wa makilogalamu 40 ndi mapaundi 88, ndiye flex yake ikhale 40 kapena 45. Ngati mukukayika pakati pa ziwiri, tengani yofewayo.

Ndiye pali nkhani imene ogulitsa ena sakuuzani. Mukadula ndodo, imalimba. Inchi iliyonse imene mwachotsa imakweza flex ndi 3 mpaka 5. Ife tinapeza ndodo pa intaneti kwa munthu wina amene ankati ndi zotsala za timu yaikulu, mtengo wake osafika theka la wa m'sitolo. Inalembedwa flex 65. Wogulitsayo anati mukadula imukwana bwinobwino, komanso akula nayo. Titadula mainchi anayi inakhala ngati ya munthu wamkulu. Zimene zinatsatira ndikufotokozereni bwino kuti muzizindikire msanga mukaziona. Puck inkachoka ikugudubuzika m'mwamba m'malo mozungulira chogona. Pofuna kuikweza, mwana anayamba kupendekera chagada, kulemera konse kuli pa mwendo wakumbuyo, n'kumaikolopola ndi nsonga ya blade, mbali yakumunsi ya ndodo yomenyera puck. Dzanja lakumtunda linakakamira pachiuno m'malo motuluka kutsogolo. Madzulo ankadandaula kuti mkono ukuwawa. Ndodoyo yokha sinakhalitse, inathyokera pachidendene polandira pasi wamba, ndipo mkati mwake munali mopyapyala mbali imodzi, chizindikiro choti inali yabodza. Wogulitsa uja nambala yake inali itasiya kugwira. Ndalamazo ndi zazing'ono. Chimene chinatidyera nthawi ndi kuchotsa chizolowezi chopendekera chagada, chimene chinatenga pafupifupi nyengo yonse yozizira.

Ndiye chitani chonchi. Pitani naye mwanayo kusitolo, agwire ndodo ndi magolovesi ake, aikanikize pansi mopepuka. Ngati siikupindika iye osachita kudzuma, ibwezeni. Kutalika kwake: atavala nsapato za pa ayezi ifike pachibwano, ali ndi masokosi okha ifike pamphuno. Otchinga kumbuyo ambiri amakonda yotalikirapo pang'ono kuti azifikira patali potchinga, koma osapitirira, chifukwa ndodo yaitali kwambiri imachedwetsa kuwombera. Gulani yoyandikira msinkhu wake kuti mudule pang'ono pokha.

Za mtengo: ndodo zapamwamba za Bauer, CCM kapena Warrior zimapitirira madola 300. Mwana wa zaka 11 safunika imeneyo. Dikirani modelo yatsopano ituluke mugule ya chaka chatha, kapena ya mtengo wapakati. Sungani lisiti, chifukwa ndodo zambiri zatsopano zili ndi waranti ya masiku 30 okha, ndipo popanda lisiti palibe amene angakumvereni. Pa kapindidwe ka blade, mitundu yotchedwa P92 kapena P88 ndi zabwino kwa woyamba. P28 imakweza puck msanga, ndipo kwa mwana wowombera kuchokera patali zimenezi zimangotumiza puck pagalasi.

Dzanja limene amalembera nthawi zambiri limakhala kumtunda kwa ndodo, n'chifukwa chake ana ambiri kuno amawombera chakumanzere. Ngati wanu mwachibadwa amawombera chakumanja, musamusinthe. Otchinga kumbuyo akumanja ndi ochepa ndipo makochi amawasaka.

2. Konzani powombera pakhomo

Pa ayezi nthawi ndi yodula, ndipo pa ola limodzi la timu mwana wakumbuyo amawombera kangapo chabe. Kuwombera kumaphunziridwa m'galaja kapena m'chipinda chapansi.

Mufunika pulasitiki yoterera yoikapo puck. Yopangidwira hockey ilipo, koma pepala la pulasitiki yolimba ya HDPE la m'sitolo ya zomangira limagwira ntchito yomweyo pa mtengo wotsika. Osawombera pa simenti, imadya blade. Ma puck gulani ambiri, 40 kapena 50, kuti asamatole pafupipafupi. Atsopano ndi madola awiri kapena atatu imodzi, akale amapezeka ndi ndowa yonse makolo akamagulitsa zida kumayambiriro kwa sizoni. Golo lenileni ndi mamita 1.83 m'lifupi ndi mamita 1.22 kutalika. Ngati mulibe, jambulani pa tenti yolimba n'kuipachika. Kumbuyo kwake kukhale chotchinga, chifukwa puck ndi labala wolimba wa magalamu 170 ndipo chitseko cha galaja sichipirira.

Pali ma puck a olenji olemera mapaundi opitirira theka amene amati amalimbitsa manja. Kwa mwana wosakwana zaka 13 ine sindiwalimbikitsa, amabweretsa kupendekera chagada komwe kuja.

Bungwe la Ontario Minor Hockey Association lili ndi ndondomeko yoti mwana awombere ma puck 5,000 m'masabata 10, kutanthauza 100 patsiku, masiku asanu pa sabata. Ndi muyeso wabwino. Koma 50 owombera molondola amaposa 200 ongomenya atatopa.

3. Wrist shot kaye, slapshot idikire

Mwana aliyense wakumbuyo amafuna slapshot, yokweza ndodo m'mwamba n'kumenya mwamphamvu, poti anaona kanema wa Zdeno Chara akuwombera mamailosi 108.8 pa ola mu 2012. Muuzeni kuti Chara ndi wamtali mamita oposa awiri. Slapshot ya mwana imatenga nthawi kukweza ndodo, wotsutsana naye amakhala atafika kale, ndipo puck ikagunda msongolo wake imabwerera kumbuyo kwa mwana wanu, mdani n'kuthamanga yekha kukakumana ndi goloboyi. Palibe chimene chimaphetsa mtima wa difenda wamng'ono ngati chimenechi.

Pa wrist shot, yowombera osakweza ndodo, yang'anani zinthu zitatu. Manja onse atuluke kutsogolo, asakhudze thupi. Puck iyambire chakuchidendene cha blade n'kugudubuzikira kunsonga, kulemera kwa thupi kukuchoka pa mwendo wakumbuyo kupita wakutsogolo. Pomaliza, dzanja lakumtunda likoke, lakumunsi likankhe, blade iloze pamene akufuna puck ipite. Akamaliza blade ili pansi, puck imapita pansi.

Mujambuleni ndi foni chakumbali, muonere limodzi pang'onopang'ono. Mwana sakhulupirira bambo ake akamati manja ali pachiuno, koma foni amaikhulupirira.

Ikakhazikika imeneyi, lowani mu snapshot: aikokere puck pang'ono kufupi ndi mapazi n'kuwombera nthawi yomweyo. Kukokako kumasintha njira ya puck ndi masentimita 30 kapena 40, ndipo nthawi zambiri zimenezo n'zokwanira kudutsa mwendo wa wotchinga. Mwa zonse, iyi ndi imene adzaigwiritse ntchito kwambiri.

4. Pa mzere wa buluu

Kuchokera pa mzere wa buluu, pamene dera la adani limayambira, kufika pa mzere wa golo ndi mafiti 64, pafupifupi mamita 19 ndi theka. Goloboyi wa U13 amene akuona puck kuchokera pamenepo amaigwira mosavutika, ngakhale itabwera mwamphamvu bwanji. Choncho mwana amvetse kuti cholinga chake si kugoletsa yekha. Cholinga ndi chakuti puck idutse munthu woyamba n'kufika pagolo, pamene anzake akutsogolo angaigunditse ndodo kuti isinthe njira, kapena kumalizitsa goloboyi akaitaya. Iwombedwe pansi, osapitirira bondo. Ya m'mwamba goloboyi amaigwira ndi golovesi masewero n'kuima, kapena imagunda mnzake pamsana, ndipo mnzakeyo sadzaimanso patsogolo pa golo.

Kuti adutse munthu woyambayo ayenera kuyenda. Akalandira puck kukhoma, aikokere chapakati, akuyenda cham'mbali motsatira mzere, chifuwa chikuyang'ana golo, mutu uli m'mwamba. Masitepe awiri kapena atatu, mpata ukaoneka, awombere. M'galaja ikani mpando kapena bini pakati pa iye ndi golo. Mumponyere puck, asunthe, awombere mbali ya mpandowo. Kenako imanipo inu nokha ndi ndodo, mutavala zotchinga miyendo, muzisinthasintha mbali. Ine ndimakweza zala iye akamakoka puck, ndipo ayenera kunena nambala yake asanawombere. Akaphonya nambala ndiye kuti maso anali pansi, imeneyo siwerengedwa.

Pa ayezi zimenezi muzichitire pa nthawi ya stick and puck (yoti aliyense adziphunzitse yekha ndi ndodo ndi puck) m'mabwalo a mzinda, yomwe ndi yotsika mtengo, kapena pa mabwalo apanja a m'madera amene m'nyengo yozizira ndi aulere. Pitani m'mamawa kusanadzaze. Aphunzire kugwira puck imene ikubwera mozungulira khoma, ndi ndodo komanso ndi phazi, chifukwa ikamudutsa n'kutuluka mzere, timu yonse iyenera kutuluka kaye.

Mpata ukasowa, asakakamize. Aiponye kukona, kapena awombere dala pambali pa golo kuti igunde khoma lakumbuyo n'kubwerera kutsogolo. Nicklas Lidström wa Detroit, yemwe anasankhidwa kasanu ndi kawiri kukhala difenda wopambana mu NHL, ankadziwika ndi zimenezi pa bwalo lakwawo.

Mudzaona malonda a makampu a sabata imodzi olonjeza kuwonjezera liwiro la kuwombera, ali ndi makina oyezera liwiro. Ena ndi abwino. Koma funsani kaye kuti ana ndi angati pa mphunzitsi mmodzi. Ngati ndi 25, mukulipirira kuima pamzere.

5. Kuukira kumayambira kumbuyo

Akamathamangira puck kuseri kwa golo lake, acheuke kawiri asanaifike, adziwe mdani ali mbali iti. Pasi yoyamba ikhale yamphamvu, yogona pansi, yolunjika pa tepi ya pa blade ya mnzake. Akapatsira asaime kuonerera. Atsatire ngati munthu wachinayi, kumbuyo pang'ono kwa akutsogolo atatu aja, chifukwa nthawi zambiri ameneyo palibe amamulondera.

Za kutsika kukhoma kukalanda puck m'dera la adani, lamulo ndi losavuta: atsike ngati akutsimikiza kuti afika woyamba, ndipo ngati wakutsogolo mmodzi wabwerera kudzatseka malo ake. Apo ayi abwerere. Kambiranani ndi kochi musanayambe izi, chifukwa makochi ena a ana safuna difenda adutse mzere, ndipo mwana amasokonezeka akamamva ziwiri.

6. Zotsala

One-timer, yomenya puck osaiimitsa, yambani ndi mapasi ofatsa ndi kukweza ndodo kufika m'chiuno chabe. Slapshot iyambe akafika chakumapeto kwa U13: ndodo iyambe kugunda ayezi mainchi ochepa isanafike pa puck, osati puck yeniyeniyo. Backhand, yowombera ndi kumbuyo kwa blade, azichita 10 patsiku. Power play, pamene timu ili ndi osewera ambiri kuposa adani chifukwa cha chilango, isiyireni kochi. Ndipo muzimuyeza kulemera ndi msinkhu kumayambiriro kwa sizoni iliyonse, chifukwa pa zaka zimenezi ndodo imachepa isanathyoke.