Momwe mungagulire nyimbo zopanda loko pa intaneti n'kuzisunga kuti zikhaledi zanu

Nyimbo imene mwatsitsa mu Spotify kapena mu Apple Music imakhala m'foni mwanu, koma si yanu ayi. Mukasiya kulipira mwezi, imasiya kulira. Ngakhale mukulipira, Spotify imafuna kuti foni ilumikizidwe ku intaneti kamodzi pa masiku 30 alionse, apo ayi nyimbo zonse zimene munatsitsa zimatsekeka. Chimene chimachita zimenezi ndi loko wotchedwa DRM: fayilo imakhala yokhomedwa, ndipo kiyi amasunga ndi kampani. Nyimbo yogula yopanda DRM ndi fayilo wamba. Mutha kuikopera pa flashi, pa memori khadi, pa kompyuta ina, ndipo idzalirabe ngakhale sitolo imene munagulako itatsekedwa mawa.

Nkhawa imeneyi si yongopeka. Mu 2008 MSN Music ndi Yahoo Music analengeza kuti azimitsa makompyuta amene ankapereka makiyi a nyimbo zawo, ndipo anthu amene anagula ndi ndalama zawo anazindikira kuti akadzasintha kompyuta nyimbo zija sizidzatsegukanso. Nthawi imeneyo zinthu zinali zitayamba kale kusintha. Amazon inayamba kugulitsa ma MP3 opanda loko mu 2007, ndipo Apple, imene inatsegula iTunes Store mu 2003 ndi loko wake wotchedwa FairPlay, inamuchotsa pa nyimbo zonse zogulitsa mu 2009. Masiku ano pafupifupi sitolo iliyonse yodziwika imagulitsa nyimbo zopanda loko. Loko anasamukira ku nyimbo zobwereka za mwezi ndi mwezi, ndipo anthu ambiri amasokonezeka chifukwa kampani imodzi imatha kuchita zonse ziwiri, kugulitsa ndi kubwereketsa, m'pulogalamu imodzimodziyo.

Poyamba: sankhani sitolo yogulitsadi

Bandcamp ndi poyambira pabwino. Oimba ndi makampani ang'onoang'ono amaika okha nyimbo zawo, amaika okha mtengo, ndipo ndalama zambiri zimapita kwa iwo: sitoloyi imatengapo 15 peresenti pa nyimbo zotsitsa, n'kutsika kufika pa 10 peresenti woimba akagulitsa zambiri. Mukagula kamodzi mumasankha mtundu wa fayilo uliwonse umene mukufuna, ndipo mutha kubwerera kudzatenga mtundu wina osalipiranso. Vuto lake ndi loti oimba ambiri a makampani akuluakulu kulibeko.

Nyimbo za makampani akuluakulu muzipeza ku iTunes Store, ku Amazon, ku 7digital kapena ku Qobuz. Mitundu ya mafayilo imasiyana: iTunes Store imapereka AAC ya 256 kbps basi (kbps ndi muyeso wa kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse ya nyimbo), Amazon imapereka MP3, pamene Qobuz ndi 7digital zili ndi FLAC. Okonda nyimbo zovina za ma DJ amapita ku Beatport, okonda nyimbo za classical ku Presto Music.

Samalani pa Apple, Amazon ndi Qobuz, chifukwa onsewa alinso ndi nyimbo zobwereka. Batani lokhala ndi mtengo ndiye logulira. Batani longonena kuti muonjezere nyimbo pa mndandanda wanu, kapena kachizindikiro kotsitsira kopanda mtengo, ndi ka nyimbo zobwereka, ndipo zimenezo zimabwera ndi loko. Pa kompyuta ya Mac, iTunes Store ili mkati mwa pulogalamu ya Music, ndipo nthawi zina imakhala yobisika mpaka mutaiyatsa pa Settings.

Pewani masamba amene amagulitsa chimbale chatsopano cha woimba wotchuka pa mtengo wochepa kwambiri kuposa kwina konse, makamaka akamakuuzani kuti muyambe mwaika ndalama mu akaunti yawo. Ambiri mwa iwo alibe chilolezo, woimba salandirapo kanthu, ndipo inu mwawapatsa nambala ya khadi lanu.

Kenako mtundu wa fayilo, ndipo apa m'pofunika kudekha

Mafayilo a nyimbo ali m'magulu awiri. MP3, AAC ndi Ogg Vorbis amachepetsa kukula kwa fayilo potaya mbali zina za mawu zimene khutu silizimva bwino. Zotayidwazo sizibwereranso. FLAC ndi ALAC amapanikiza fayilo osataya kalikonse, pamene WAV ndi AIFF amasunga mawu momwe alili, osapanikiza.

Kusiyana kwake kumaonekera pa kukula. Nyimbo ya mphindi 4 ikakhala MP3 ya 320 kbps imatenga pafupifupi 9.6 MB, ikakhala AAC ya 256 kbps pafupifupi 7.7 MB. Nyimbo yomweyo mu WAV yofanana ndi CD, ya 16-bit ndi 44.1 kHz (manambalawa akamakwera, fayilo imasunga mawu mwatsatanetsatane kwambiri), imakwana 42 MB, ndipo FLAC yake imagwera pakati pa 20 ndi 30 MB malinga ndi phokoso la nyimboyo. Chimbale cha nyimbo 12 ndiye kuti chikhala cha 115 MB mu MP3, kapena cha m'ma 300 MB mu FLAC.

Ife tikulangiza FLAC paliponse pamene ikupezeka, ngakhale mutakhala kuti simumva kusiyana kwake ndi MP3 ya 320, ndipo anthu ambiri samvadi. Chifukwa chake ndi ichi: kuchokera ku FLAC mutha kupanga MP3 kapena AAC nthawi iliyonse, kangati konse, osaononga chimene munagula. Koma MP3 mukaisintha kukhala AAC, kapena MP3 ina yaing'ono, mawu amatayika kachiwiri, ndipo mbale za ng'oma ndi mawu ena okwera amayamba kumveka ngati akuchokera m'madzi. Kusintha MP3 kukhala FLAC nakonso sikuthandiza: fayilo imangokula, zotayika zija sizibwera.

WAV musaisankhe pokhapokha ngati pulogalamu yanu ikuifuna. Mawu ake ndi ofanana ndendende ndi a FLAC, koma ndi yaikulu, ndipo mapulogalamu ambiri sawerenga bwino dzina la woimba ndi chithunzi cha chimbale mu WAV. Za mafayilo a 24-bit ndi 96 kapena 192 kHz, amene amagulitsidwa modula, dziwani kuti nyimbo imodzi ya mphindi 4 pa 24-bit ndi 96 kHz imafika 138 MB mu WAV. Pa sipika ya Bluetooth phindu lake silifika kukhutu, chifukwa Bluetooth imapanikizanso mawuwo isanawatumize.

Kulipira

Tsegulani akaunti musanagule, ndi imelo imene mudzakhale nayo zaka zambiri. Bandcamp imalola kugula opanda akaunti, koma zikatero chokhacho chimene mumakhala nacho ndi linki ya mu imelo. Gulani pa browser, osati m'pulogalamu ya pafoni: mapulogalamu ena a masitolowa amangosunga nyimbo mkati mwawo kuti muzimvera, osakupatsani fayilo yoti muione m'foda.

Malipiro akakanidwa, zifukwa zimakhala zitatu kawirikawiri. Khadi silinatsegulidwe kuti lizigula pa intaneti kapena kunja kwa dziko, ndipo zimenezi amakonza ndi a banki. Adiresi imene mwalemba ikusiyana ndi imene banki ili nayo. Kapena sitoloyo siigulitsa kudziko limene khadi lanu linachokera, poti ufulu wogulitsa nyimbo umaperekedwa dziko ndi dziko. Amazon ndi Qobuz amagulitsa nyimbo zotsitsa m'mayiko owerengeka okha, ndipo iTunes Store nayo ilibe nyimbo m'mayiko ena. Kunamiza sitolo za dziko lanu ndi VPN, pulogalamu yoonetsa ngati muli kudziko lina, kumaphwanya malamulo awo ndipo akaunti ikhoza kutsekedwa. Ndi bwino kufufuza chimbale chomwecho ku sitolo ina kapena pa tsamba la woimbayo. Kumbukiraninso kuti mtengo wolembedwa si nthawi zonse umakhala womaliza: msonkho umatha kuonjezedwa pomaliza, ndipo banki imadula yake posintha ndalama.

Tsitsani tsiku lomwelo

Musadikire. Sitolo ikhoza kutaya chilolezo cha chimbale, ndipo batani lotsitsiranso likhoza kusowa. Google Play Music itatsekedwa mu 2020, anthu anapatsidwa nthawi yoti asamutse kapena kutsitsa nyimbo zawo, ndipo nthawiyo itatha zotsalira zinafufutidwa.

Chimbale chimabwera nthawi zambiri ngati fayilo imodzi ya ZIP, phukusi la mafayilo lofunika kumasula. Tsitsani pa netiweki yokhazikika, makamaka pa kompyuta. Ikatha, yerekezani kukula kwa fayilo ndi kumene sitolo inalemba. ZIP imene ikukana kumasuka, kapena ikutulutsa nyimbo 7 pa 12, idadukira panjira: ifufuteni, mutsitsenso kuyambira pachiyambi, osalimbana nayo. Imasuleni kaye musanayambe kumvera, chifukwa mapulogalamu ambiri oimbira nyimbo saona zimene zili mkati mwa ZIP. Werengani nyimbo kuti zakwana, ndipo imelo ya risiti muisunge, mwinanso ngati PDF m'foda ya chimbalecho.

Yesani kuti loko mulibedi

Njira yachidule ndi kukopera nyimbo imodzi pa chipangizo china chimene sichidziwa akaunti yanu, kuzimitsa intaneti, n'kuitsegula ndi pulogalamu yoimbira nyimbo ya VLC kapena foobar2000. Ikalira, ndiye kuti ndi yomasuka. Mapeto a dzina la fayilo amanenanso zambiri. Za .mp3 ndi .flac zilibe loko. Pa nyimbo za Apple, .m4a ndi yomasuka, .m4p ndi yokhomedwa. Mukaona zambiri za nyimbo mu Music kapena iTunes, mawu akuti "Purchased AAC audio file" akutanthauza yogula, "Apple Music AAC audio file" ndi yobwereka, ndipo "Protected AAC audio file" ndi yakale ya FairPlay.

FLAC ili ndi ubwino wina wobisika: mkati mwake muli nambala yotsimikizira ya MD5, moti lamulo lolembera kompyuta lakuti flac -t, kapena chida choyesera cha foobar2000, chimakuuzani ngati fayilo yaonongeka ngakhale pang'ono. Ngati mukukayika kuti FLAC imene mwagula inapangidwa kuchokera ku MP3, itseguleni ndi kapulogalamu kaulere ka Spek. Chithunzi chikaonetsa mawu odulidwa mowongoka ngati ndi lumo pa 16 kHz, pamwamba pake pali mdima wokhawokha, nthawi zambiri ndiye kuti gwero lake linali MP3 ya 128 kbps. Nyimbo zakale kwambiri zimathanso kusowa mawu okwera, koma izo zimazilala pang'onopang'ono, sizidulidwa mzere. Mukapeza zotere lemberani sitolo kapena woimbayo, mutumize ndi chithunzicho.

Kupanda loko sikutanthauza kuti mwagula ufulu wa nyimboyo. Mwagula chilolezo choti muzimvera inuyo pa zipangizo zanu. Kuigawa m'magulu a WhatsApp, kuigulitsa, kapena kuiika m'vidiyo yanu ndi kuphwanya ufulu wa mwini wake, ndipo kuiimba pamalo a malonda kumafuna chilolezo china. Mafayilo a iTunes amakhala ndi dzina lanu ndi imelo ya akaunti yanu mkati, choncho fayilo ikayenda, dzina lanu limayenda nayo. Komanso oimba amene asankha kugulitsa opanda loko akukhulupirira ogula, ndipo ena a iwo ndalama yolipirira studio imachokera pa malonda omwewa.

Mayina ndi kusunga

Konzani mafoda motere: dzina la woimba, mkati mwake chaka ndi dzina la chimbale, mkati mwake nyimbo zoyamba ndi manambala 01, 02, 03. Ziro wakutsogoloyo ndi wofunika, chifukwa popanda iye zipangizo zambiri zimaika nyimbo ya 10 patsogolo pa ya 2. Mayina a mkati mwa fayilo akonzeni ndi pulogalamu ya Mp3tag kapena MusicBrainz Picard. Chimbale chikamaoneka chogawikana pawiri kapena patatu m'foni, vuto limakhala pa malo olembapo Album Artist: lembanipo dzina limodzi pa nyimbo zonse, ngakhale zina zili ndi oimba oitanidwa.

Sungani makope atatu: imodzi pa kompyuta, ina pa hard drive yapadera, yachitatu kutali ndi ziwirizo, kaya pa intaneti kaya kunyumba ina. Memori khadi ya m'foni musaiwerengere, imafa mosachenjeza. Kamodzi pa chaka lumikizani hard drive ija, mutsegule nyimbo zingapo, muone kuti zikulirabe.

Kuziika pa zipangizo

Mafoni a Android amaimba FLAC popanda vuto: koperani foda yonse mu Music. Pulogalamu ya Music ya pa iPhone siilandira FLAC, choncho sinthani kukhala ALAC, imene siitaya kanthu, kapena imbani ndi VLC. Posintha gwiritsani ntchito pulogalamu ya fre:ac kapena foobar2000, ndipo zotulukazo zipite m'foda ina kuti FLAC yoyambirira isakhudzidwe.

Wailesi za m'galimoto ndiye zimavuta kwambiri. Zakale zambiri zimawerenga MP3 ndi WMA zokha, ndiponso flashi yofomatidwa mwa mtundu wa FAT32 yokha, osati exFAT kapena NTFS. Tengani flashi ya 32 GB kapena yocheperapo, muifomate kukhala FAT32, muikemo ma MP3 opangidwa kuchokera ku FLAC zanu. Mayina akamaoneka ngati zilembo zosokonekera pa sikirini, sunganinso ma tag, amene ndi mayina a mkati mwa fayilo aja, ngati mtundu wa ID3v2.3 m'malo mwa 2.4. Wailesi zina zimaimba motsatira momwe mafayilo analowera pa flashi osati motsatira manambala, ndiye nyimbo zikamadumphadumpha fufutani foda ya chimbalecho, muikoperenso yokha, nyimbo zitasanjidwa kale kuyambira pa 01.