Lekani kuwononga bandulo pa zithunzi za m'magulu a WhatsApp

Ngati muli m'magulu ambiri a WhatsApp, monga la mpingo, la kuntchito kapena la abale, ndipo bandulo yanu imatha msanga, yang'anani kaye mmene foni yanu imalandirira zinthu. WhatsApp imatsitsa yokha zithunzi zimene anthu atumiza, ngakhale zija za "mwadzuka bwanji" zimene simungaziyang'ane n'komwe, ndipo chilichonse chimadya data yanu.

Pa foni ya Android, tsegulani WhatsApp, dinani timadontho titatu tili pakona yakumanja m'mwamba, mulowe mu Settings, kenaka Storage and data. Pansi pa Media auto-download sankhani When using mobile data, ndipo muchotse chizindikiro pa Photos, Audio, Videos ndi Documents musanadine OK.

Mukatero, chithunzi chimabwera chosaoneka bwino, chili ndi kamuvi pakati komanso nambala yosonyeza kukula kwake, ndiye inuyo ndi amene mumasankha choti mutsitse. Ichi n'chimene ndimachiona chofunika kwambiri, chifukwa mukaona kanema wa 15 MB mumayamba mwadzifunsa ngati akuyenera ndalama zanu, kapena ngati angadikire mpaka mutapeza Wi-Fi. Foninso sidzaza msanga. Mauthenga a mawu ojambulidwa (ma voice note) amapitiriza kutsika okha, choncho simudzaphonya uthenga wa amayi kumudzi.

Pa tsamba lomwelo yatsaninso Use less data for calls, makamaka ngati mumaimbirana kawirikawiri ndi abale a ku Johannesburg.